NAMBALA YA PLATO: 5,040

Kugawa zinthu ndi nchito imene yadanitsa anthu ambiri. Asodzi anai akacoka kumtsinje ndi nsomba 12 palibe mlandu, pakuti yense atenga zitatu napita kwao ali wokondwa. Koma nsombazo zikakhala 13, imodzi itsala pansi, ndipo maso onse ali pa nsomba imeneyo. Wina ati ndiye mwini ukonde, wina ati ndiye anapalasa bwato, ndipo anthu amene anacoka m'mudzi m'mamawa ali kuseka abwerera madzulo osalankhulana. Zimene zagawika sizibvuta. Cobvuta ndi cotsala.

Tsono manambala sali ofanana pa nkhani imeneyi. Ena ali okoma mtima, alola kugawidwa m'njira zambiri osasiya kanthu. Ena ali ouma mtima, akana ali yense wobwera kudzawagawa. Nambala 12 ilola kugawidwa ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12, koma mnzace 13 ilola 1 ndi 13 basi. Nambala imene ilowa mwa inzace osasiya cotsala ichedwa cogawira cace. Cotero 12 iri ndi zogawira zisanu ndi cimodzi, ndipo 13 iri nazo ziwiri zokha.

Mwa manambala okoma mtima, imodzi yochuka kwambiri ndiyo 5,040, ndiko kunena zikwi zisanu ndi makumi anai. Poiona siioneka ngati kanthu. Sikometsa maso monga 5,000 kapena 10,000. Koma anthu anzeru akhala ali kuicita cidwi kwa zaka zoposa 2,300, ndipo woyamba kuichukitsa anaifunira nchito yomwe ija inabvuta asodzi, ya kugawa popanda ndeu.

Mzinda umene sunamangidwe

Plato anali mphunzitsi wa nzeru zakuya wa mu mzinda wa Athens, m'dziko la Greece, ndipo anamwalira ca m'ma 347 B.C., ali ndi zaka pafupifupi 80. Mu ukalamba wace analemba buku lace lotsiriza, lalitali koposa onse, lochedwa Malamulo. M'bukumo muli nkhalamba zitatu zimene ziri pa ulendo wa pansi pa cisumbu ca Crete, tsiku lotentha, ziri kuyenda ndi kupumula m'mithunzi. Mmodzi wa iwo, dzina lace Clinias, anali atapatsidwa nchito ya kukonza malamulo a mzinda watsopano, ndipo anzacewo anayamba kumthandiza maganizo. Funso limodzi lalikulu linali lakuti: kodi mu mzindamo mukhale mabanja angati? Yankho limene Plato anapereka silinali "zikwi zisanu" kapena "anthu ambiri ndithu." Anati mabanja akhale 5,040, ndipo dziko lidulidwe minda 5,040, banja liri lonse munda wace.

Cifukwa cace cinali ici. Anthu a mu mzinda amagawidwa kawirikawiri, lero cifukwa ca nkhondo, mawa cifukwa ca msonkho, mkuja cifukwa ca nchito ya onse kapena phwando. Ngati ciwerengero ca mabanja cigawika bwino, magulu onse adzakhala olingana, ndipo sipadzaoneka gulu lodandaula kuti lasenzetsedwa katundu woposa wa anzace. Wophunzira atenge sileti kapena pepala ayese yekha. Akagawa 5,040 pawiri apeza 2,520; patatu 1,680; panai 1,260; pasanu 1,008. Akagawa ndi 6 apeza 840, ndi 7 apeza 720, ndi 8 apeza 630, ndi 9 apeza 560, ndi 10 apeza 504. Monsemo mulibe cotsala ngakhale cimodzi. Ndi 12 igawikanso bwino, ndipo Plato anafuna kuti mzinda wace ukhale ndi mafuko 12 monga miyezi ya caka, fuko liri lonse mabanja 420.

Pa 11 pokha ndipo pali cilema. Kugawa 5,040 ndi 11 kupatsa 458, kutsala 2. Plato anaciona cilemaco ndipo sanacibise. Ananena kuti mankhwala ace ndi apafupi: kupatula mabanja awiri, pakuti 5,038 igawika ndi 11 bwino lomwe. Mankhwalawo ndi apafupidi pa pepala, ngakhale kuti mabanja awiri opatulidwawo sakadawayesa apafupi.

Apa ndi pamene panali bvuto leni leni. Nambala ikhala cikhalire, koma anthu amabadwa ndi kufa. Banja lina libala ana amuna asanu, lina libala akazi okhaokha, lina silibala konse. Kuti 5,040 isasinthe, Plato anaika malamulo olimba. Munda usagulitsidwe ndiponso usadulidwe. Tate asankhe mwana wamwamuna mmodzi yekha wolowa m'malo mwace, ndipo ana amuna otsalawo aperekedwe kwa mabanja opanda wolowa nyumba. Anthu akaculuka koposa, ena atumizidwe kutali kukamanga mzinda wina. Ndiponso m'ciwerengeroco munalibe akapolo ndi alendo, amene anayenera kugwira nchito zambiri za mu mzindamo. Wophunzira wace wa Plato, Aristotle, anatsutsa maganizo amenewa, nati kudyetsa amuna zikwi zisanu osagwira nchito ya manja, pamodzi ndi akazi ao ndi anchito ao, kungafune dziko lalikulu ngati la Babylon. Mzindawo sunamangidwe konse. Malamulo ace ambiri sangakondweretse munthu wa lero, ndipo kuyesa kuumba anthu kuti alingane ndi nambala kuli ngati kusema phazi kuti lilowe m'nsapato. Koma pa kusankha nambalayo Plato sanaphonye.

Kudziwa usanagawe

Wophunzira wocenjera angathe kudziwa zambiri za 5,040 asanalembe samu iri yonse, pongoyang'ana malembo ace anai. Ithera ndi 0, cotero igawika ndi 2, ndi 5, ndi 10. Malembo ace awiri otsiriza ndi 40, ndipo popeza 40 igawika ndi 4, nambala yonse igawikanso ndi 4. Atatu otsiriza ndi 040, amene agawika ndi 8, cotero yonse igawika ndi 8. Kuphatikiza malembo onse, 5 ndi 0 ndi 4 ndi 0, kupatsa 9, ndipo ici cisonyeza kuti igawika ndi 3 ndiponso ndi 9. Nambala yogawika ndi 2 ndi 3 igawika ndi 6. Yogawika ndi 3 ndi 4 igawika ndi 12. Ngakhale cilema ca 11 cioneka msanga: lembo loyamba ndi lacitatu apanga 9, laciwiri ndi lacinai apanga 0, ndipo kusiyana kwao ndi 9. Kukadakhala 0 kapena 11, nambalayo ikadagawika ndi 11. Pa 7 pokha ndi pamene kuli kwapafupi kungogawa.

Njerwa za nambala

Kuti munthu amvetse cifukwa cace 5,040 iri yokoma mtima cotere, ayenera kuiphwasula monga amaphwasulira nyumba kuti aone njerwa zace. Njerwa za manambala onse ndiwo manambala ouma mtima aja, amene alibe cogawira cina koma 1 ndi iwo eni: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi ena otere. Amenewa achedwa manambala osagawika. Nambala ina iri yonse yoposa 1 imangidwa pa kuculukitsa osagawikawa, ndipo iri yonse iri ndi mamangidwe amodzi okha.

Kuphwasula kwace kuyenda motere. Theka la 5,040 ndi 2,520; theka la 2,520 ndi 1,260; theka lace ndi 630; theka lacenso ndi 315. Pamenepo 2 wakanika, atalowa kanai. Tsono abwera 3: 315 ipatsa 105, ndipo 105 ipatsa 35. Iye walowa kawiri. Yotsala ndi 35, imene iri 5 kuculukitsa ndi 7. Cotero

5,040 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7.

Njerwa zonse ndi zisanu ndi zitatu, ndipo zonse ndi zazing'ono. Cinsinsi cace ndi cimeneci. Palibe njerwa yaikulu imene yadya malo cabe, ndipo mitundu inai yoyamba ya njerwa yonse irimo.

Njerwazi zithandizanso kuwerenga zogawira popanda kuziyesa cimodzi cimodzi. Aziike m'madengu anai: m'dengu loyamba ma 2 anai, m'laciwiri ma 3 awiri, m'lacitatu 5 mmodzi, m'lacinai 7 mmodzi. Wofuna kupanga cogawira atapa m'madengumo monga afuna, naculukitsa zimene watapa. Akatenga ma 2 awiri, 3 mmodzi ndi 7, wapanga 84, ndipo 84 ilowadi mu 5,040 nthawi 60. Pa dengu loyamba ali ndi njira zisanu: kusatenga kanthu, kutenga mmodzi, awiri, atatu kapena onse anai. Pa laciwiri ali ndi njira zitatu, pa lacitatu ziwiri, pa lacinai ziwiri. Njira zonse pamodzi ndi 5 × 3 × 2 × 2, ndiyo 60. Amene sanatenge kanthu m'madengu onse watsala ndi 1, ndipo amene wakokolola zonse wapanganso 5,040. Cotero zogawira zace ndi 60. Plato anawerenga 59, posawerengera nambala mwini wace.

Kuti zogawira 60 ndi zambiri kuoneka bwino pozilinganiza ndi za manambala ena. Nambala 5,000, imene anthu ambiri akadaisankha cifukwa ca kukoma kwace pakamwa, iri ndi zogawira 20 zokha. Nambala 10,000 iri nazo 25. Ngakhale 1,000,000, imene iposa 5,040 pafupifupi nthawi 200, iri nazo 49 basi, ndipo sigawika patatu, pakuti njerwa zace ndi ma 2 ndi ma 5 okhaokha. Ukulu wa nambala suli umboni wa kukoma mtima kwace.

Wina angafunse kuti, nanga Plato analekeranji kutenga 2,520? Funsolo ndi labwino, pakuti 2,520 ndiyo nambala yaing'ono koposa onse imene igawika ndi manambala onse kuyambira 1 kufikira 10. Koma iyo iri ndi zogawira 48. Kuonjeza njerwa imodzi yokha ya 2 kubweretsa zogawira zina 12, monga 16, 48 ndi 80.

Ndalama ndi nthawi

Nzeru ya kusankha manambala ogawika bwino siinali ya Plato yekha. Anthu akale a ku Babylon anali kuwerenga m'magulu a 60, ndipo mwambo wao ndiwo unasiyira dziko lonse ola la mphindi 60. Nambala 60 iri ndi zogawira 12, ndipo n'cifukwa cace theka la ola, gawo lacitatu, lacinai, lacisanu ndi lacisanu ndi cimodzi, onse ali mphindi zamphumphu. Sabata iri ndi mphindi 10,080, ndipo theka lace ndi 5,040 yomweyo. Kuyambira 6 koloko m'mawa Lolemba kufikira 6 koloko madzulo Lacinai papita mphindi 5,040.

Ndalama zakale za m'Zambia zinali zotero. Kufikira mu January 1968, pamene kwacha ndi ngwee zinayamba, anthu anali kugula ndi mapaundi, masheleni ndi makobiri. Sheleni inali makobiri 12, ndipo paundi inali masheleni 20, ndiwo makobiri 240. Makobiri 5,040 anali mapaundi 21 osatsala kanthu. Masamu a ndalama zimenezo anali kuliza ana a sukulu, ndipo kuwerenga kwa makumi ndi mazana kunapeputsa nchito ndithu. Koma kanthu kamodzi kanatayika. Anthu atatu anali kugawana sheleni mwamtendere, yense makobiri anai, pamene ngwee 100 sizigawika patatu: yense alandira 33, ndipo imodzi itsala monga nsomba ija. Nambala 240 iri ndi zogawira 20, koma 100 iri nazo 9.

Yoperewera, yangwiro ndi yosefukira

Ca m'ma 100 A.D., Nicomachus wa ku Gerasa, mzinda umene mabwinja ace ali m'dziko la Jordan, analemba buku la masamu m'mene anaika manambala m'mitundu itatu. Njira yace ndi iyi: kuphatikiza zogawira zonse za nambala, kusiyapo nambala mwini wace, ndi kuona cimene cituluka. Zogawira za 10 ndi 1, 2 ndi 5, zimene pamodzi zipanga 8. Sizinafike pa 10, cotero 10 ndi nambala yoperewera. Za 12 ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6, zimene zipanga 16. Zapitirira, cotero 12 ndi yosefukira. Za 6 ndi 1, 2 ndi 3, zimene zipanga 6 yemweyo, ndipo nambala yotere ichedwa yangwiro. Manambala angwiro ndi osowa kwambiri. Agriki anadziwa anai okha, 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo wacisanu ali kutali, pa 33,550,336. Nicomachus anafanizira nambala yoperewera ndi colengedwa cosowa ciwalo, ndi yosefukira ndi cirombo ca miyendo ndi pakamwa zoposa muyeso.

Ngati ndi tero, 5,040 ndi cirombo coopsa. Kuphatikiza zogawira 60 cimodzi cimodzi ndi nchito yotopetsa, koma madengu aja athandizanso pano. Dengu la 2 lipatsa 1 + 2 + 4 + 8 + 16, ndiyo 31. Dengu la 3 lipatsa 1 + 3 + 9, ndiyo 13. La 5 lipatsa 1 + 5, ndiyo 6, ndipo la 7 lipatsa 1 + 7, ndiyo 8. Kuculukitsa 31 × 13 × 6 × 8 kupatsa 19,344. Kucotsapo 5,040 mwini wace kutsala 14,304, kumene kuli pafupi kufika katatu ka nambala yoyambayo. Iri yosefukira kwambiri ndithu, ndipo kusefukira kumeneku kudzaonekanso kutsogolo kwa nkhani ino.

Ana asanu ndi awiri pa mpando umodzi

Nambala yomweyi ipezekanso pa malo ena amene sakhudzana ndi kugawa. Ana awiri angakhale pa mpando wautali m'njira ziwiri, uyu kumanja uyo kumanzere, kapena kusinthana. Ana atatu angakhale m'njira 6, pakuti pa malo oyamba pangakhale ali yense wa atatuwo, pa aciwiri ali yense wa awiri otsala, ndipo pa acitatu wotsala yekhayo: 3 × 2 × 1. Ana anai ali ndi njira 24, asanu 120, asanu ndi mmodzi 720. Ana asanu ndi awiri ali ndi njira 7 × 6 × 5 × 4 × 3 × 2 × 1, ndiyo 5,040. Akatswiri a masamu amalemba samu imeneyi mwacidule kuti 7!, ndi cizindikiro ca mfuu pambuyo pace. Anawo akati azisintha makhalidwe kamodzi tsiku liri lonse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, osabwereza ngakhale kamodzi, adzatsiriza patapita zaka 13 ndi miyezi yoposa 9. Adzayamba ali ana nadzatha ali makolo.

Cina codabwitsa ndi cakuti 7 × 8 × 9 × 10 ipatsanso 5,040. Munthu akakwera kuyambira pa 1 kufika pa 7, kapena akayambira pa 7 kufika pa 10, afika pamodzimodzi. Samu yaciwiriyi iri ndi nchito yace. Nambala yacinsinsi ya malembo anai, monga ija yotsekulira foni kapena yotapira ndalama kubanki, ingalembedwe m'njira 10,000, kuyambira 0000 kufikira 9999. Mwa zimenezo, zimene mulibe lembo lobwerezedwa ndi 10 × 9 × 8 × 7, ndizo 5,040.

Ku England kuli anthu amene amaidziwa nambala imeneyi ndi manja ao ndi thukuta lao. Mu nsanja za machalichi ambiri a kumeneko muli mabelu aakulu, belu liri lonse ndi cingwe cace ndi munthu wace. Belu lolemera silingalire msanga msanga monga ng'oma, pakuti likalira liyenera kuzungulira lisanalirenso. Cifukwa ca ici oliza mabeluwo saimba nao nyimbo, koma amasintha mndandanda wa kaliridwe kace. Ndi mabelu atatu ziyenda motere: 123, 213, 231, 321, 312, 132, ndi kubwerera pa 123. Woyang'anitsitsa aona kuti palibe belu lolumpha malo awiri nthawi imodzi. Liri lonse lingosinthana ndi loyandikana nalo, kapena likhala pomwe liri. Luso limeneli linakula m'zaka za m'ma 1600, ndipo Fabian Stedman anasindikiza buku lolongosola njira zace mu 1677.

Mabelu asanu ndi awiri ali ndi mindandanda 5,040, ndipo kuiliza yonse kutenga pafupifupi maola atatu. Malamulo ace ndi aukali. Oliza saloledwa kupumula kapena kulandirana zingwe, ndipo alibe pepala lowakumbutsa. Yense asunga njira ya belu lace m'mutu. Mndandanda umodzi ukabwerezedwa, nchito yonse yapita pacabe, ngakhale colakwaco cicitike pa mphindi zotsiriza. Pa 2 May 1715, oliza mabelu a pa chalichi ca St Peter Mancroft mu mzinda wa Norwich analiza mindandanda 5,040, ndipo cikwangwani cokumbutsa nchito yaoyo cinaikidwa m'chalichimo. Kuonjeza belu limodzi lokha kuculukitsa nchito kasanu ndi katatu, kufika pa 40,320. Mu July 1963, amuna asanu ndi atatu analiza yonseyo osalekeza ku Loughborough, ndipo anatha maola 17 ndi mphindi 58.

Anansi ace awiri

Munthu angayembekeze kuti manambala oyandikana ndi 5,040 atengerako khalidwe lace, koma si tero ai. Ya kumbuyo kwace, 5,039, ndi yosagawika: iri ndi zogawira ziwiri zokha. Ya kutsogolo kwace, 5,041, iri nazo zitatu, 1, 71 ndi 5,041, pakuti ndi 71 × 71. Ici siceni ca mwai cabe. Cogawira ciri conse ca 5,040 coposa 1 cikayesa kulowa mu 5,041 cisiya 1, ndipo cikayesa kulowa mu 5,039 ciperewera 1. Wokoma mtima uja watenga njerwa zazing'ono zonse, nasiyira anansi ace zazikulu zokha.

Mlimi wokhala ndi mbande 5,040 angazibzale m'mizere 70, mzere uli wonse mbande 72. Mnzace akampatsa mbande imodzi yokha, angathe kupanga munda wa mbali zinai zolingana, mizere 71 ya mbande 71. Zotere zicitikanso ndi 4!, pakuti 24 ndi 1 ndi 25, ndiyo 5 × 5. Ndiponso ndi 5!, pakuti 120 ndi 1 ndi 121, ndiyo 11 × 11. Koma ndi 6! zikanika, pakuti 721 igwa pakati pa 26 × 26 ndi 27 × 27, ndipo ndi 8! zikanikanso. Mu 1876 Henri Brocard wa ku France anafunsa ngati pali nambala ina yotere pambuyo pa 7. Makompyuta afunafuna kufika kutali kosaneneka osapeza ina, koma palibe munthu amene waonetsa umboni wakuti kulibe. Funso limene mwana wa sukulu angalimve m'mphindi zisanu lakanika akatswiri kufikira lero.

Kalaliki wa ku Madras

Srinivasa Ramanujan anabadwa mu 1887 kum'mwera kwa India, m'banja losauka. Analephera mayeso a ku koleji cifukwa mtima wace wonse unali pa masamu, osasamala maphunziro ena, ndipo anapeza nchito ya ukalaliki pa doko la Madras. Mu 1913 analembera kalata G. H. Hardy, katswiri wa ku Cambridge, naikamo masamu amene anapeza yekha. Hardy anazizwa, namuitanitsa ku England mu 1914. Caka cotsatira Ramanujan anasindikiza nkhani yaitali ya manambala amene ali ndi zogawira zoposa za nambala ina iri yonse yaing'ono kwa iwo. Mndandanda wao uyamba motere: 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360, 720, 840, 1,260, 1,680, 2,520, 5,040. M'menemo muli makobiri a sheleni, maola a tsiku, mphindi za ola ndi makobiri a paundi, ndipo nambala ya Plato iri pa malo a 19. Ramanujan anaonetsa kuti manambala onse otere amangidwa monga 5,040, ndi njerwa zazing'ono zoyambira pa 2 zosalumpha mtundu, ndipo njerwa yaikulu siiculuka koposa yaing'ono. Thanzi lace linaonongeka ali ku England, ndipo anamwalira kwao mu 1920, ali ndi zaka 32 zokha.

Kusefukira kuja kuli ndi nkhani yace yotsiriza. Mu 1859 Bernhard Riemann wa ku Germany anapereka ganizo lokhudza m'mene manambala osagawika amwazikira pakati pa anzao. Akatswiri ambiri amalikhulupirira, ndipo amangapo masamu ena ambirimbiri, koma palibe amene watsimikiza kuti ndi loona. Mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute la ku America linalonjeza madola 1,000,000 kwa amene adzamasule mfundoyi. Tsono pali malire ena, owerengedwa ndi masamu a ku yunivesite, amene aonetsa pamene zogawira za nambala zophatikizidwa ziyenera kulekezera. Manambala owerengeka ang'onoang'ono, monga 12, 60, 360 ndi 2,520, amalumpha malirewo, ndipo waukulu koposa mwa onse odziwika ndi 5,040. Mu 1984 Guy Robin wa ku France anatsimikiza kuti zinthu ziwirizi ziri pa cingwe cimodzi: ngati palibe nambala yoposa 5,040 yolumpha malirewo, ganizo la Riemann ndi loona, koma ikapezeka ngakhale imodzi, ganizolo lagwa pamodzi ndi zonse zomangidwa pa ilo. Manambala osawerengeka ayesedwa kale ndi makompyuta, ndipo onse akhala m'kati mwa malire.

Pa kuculuka kwa zogawira, 5,040 ikhala pa mpando kufikira pa 7,559, ndipo ilandidwa ufumu ndi 7,560. Wophunzira amene wamvetsa za madengu aja aiphwasule nambala imeneyi, aike njerwa zace m'madengu, ndipo aone ngati apeza zogawira 64.